Manja a Apongozi Anga

Mwana wanga wamkazi anabadwa masana, nthawi ya nkhomaliro, pa kachipatala kena ka pulayiveti ku Mzuzu. Mutu unatuluka, thupi linakana. Ndilemba zimene ndinaona ndi zimene ndinamva, ndipo pamene ndinatsinzina ndinena kuti ndinatsinzina, chifukwa ntchito ya utolankhani inandiphunzitsa kusiyanitsa zinthu zimenezi.

Zinali zaka zija yunivesite itangotsegulidwa kumene, aliyense amene anali ndi puloti akuumba njerwa. Ine kwathu ndi ku Zomba. Nyuzipepala inanditumiza kumpoto kuti ndizilemba nkhani za kukhoti ndi za kukhonsolo, ndipo ndinakwatiwa komweko ndi mwamuna wa ntchito yolumikiza magetsi m'nyumba. Masiku amenewo ankachoka m'mamawa n'kubwera madzulo, chifukwa nyumba zogonamo ana asukulu zinkamangidwa paliponse. Tinkakhala ku Mchengautuwa, puloti imodzi ndi amayi ake, mayi wamasiye amene ankaphika masikono n'kumaperekera m'magolosale. Ndinkawaitana kuti Amama, monga ankawaitanira mwana wawo. Anali munthu wamfupi, wa mikono yolimba ngati ya womanga nyumba. Fulawa wa m'beseni lalikulu ankamukanda okha, ataimirira, osapuma.

Kachipatalako kale kanali nyumba ya munthu. Pabalaza ndi pamene ankalembera odwala, ndipo m'chipinda chochiliramo munali mukadali kabati ya zovala ya kukhoma. Apongozi anga ndiwo anali gadiyani wanga. Anabwera ndi beseni, zitenje ndi fulasiki ya tiyi, n'kukhala pabenchi pakhonde, pakuti gadiyani salowa m'chipinda chochiliramo.

Nthawi itakwana, m'chipindamo munali mzamba mmodzi yekha, mtsikana wocheperapo kwa ine. Mnzake anali atapita kukadya, dokotala anali atapita m'tauni. Ndinatchima monga ankandiuzira. Kenako anati, “Mutu watuluka,” ndipo ndinaganiza kuti zatha. Koma nkhope yake inasintha. Anagwira mutu wa mwana n'kukoka, n'kusiya, n'kukokanso. Ndinamva akupuma mofulumira kuposa ine.

“Gadiyani!” anakuwa motero. “Gadiyani alowe msanga!”

Apongozi analowa fulasiki ili m'manja.

“Amayi, ikani icho pansi. Gwirani apa, pamwamba pa mimba. Kanikizani ndi mphamvu zanu zonse.”

“Ine? Yayi, mwana wanga, ine sindidziwa.”

“Kanikizani, mwana akufa uyu!”

Anaika manja onse awiri m'munsi mwa nthiti zanga n'kutsamira ndi thupi lonse, monga amachitira pa beseni la fulawa. Mpweya unandithera. Pamenepo ndinatsinzina, ndipo zimene mzamba anachita ndi manja ake kuyambira apo sindinazione. Ndinangomva kukokedwa, ndi mawu a apongozi akuitana Chiuta m'Chitumbuka. Kenako ndinapepukidwa. Mwana anatuluka ali bii, osalira. Mzamba anamupukuta ndi mphamvu pamsana, ndipo patapita kanthawi kamene sindingathe kukayeza, analira. Sikelo inaonetsa kuti anapitirira makilogalamu anayi.

Inali nyengo yozizira, kunja kukuwaza kamvula konga chiperoni cha kwathu. Mwana anakulungidwa m'chitenje, pamwamba shawelo, kumutu chipewa cha ulusi, ndipo anafika kunyumba ali chikulungireni. Tinaona vuto pomusambitsa. Apongozi atamuvula, mkono wamanzere unatambasuka n'kumaphupha monga amachitira makanda akamva madzi. Wamanja unangolendewera. Unali wopotokera mkati, chikhatho chitayang'ana kumbuyo, ngati munthu wolandira chiphuphu mobisa. Ndinaunyamula n'kuusiya, unagwa ngati chingwe chonyowa. Zala zokha ndi zimene zinkagwedera.

Tinabwerera ku kachipatala kaja. Dokotala anautembenuza mkonowo kamodzi n'kunena kuti zoterezi zimatha zokha. Sindinakhutire. Tinapita kuchipatala chachikulu, kumene anajambula n'kupeza kuti fupa silinathyoke, ndipo anatitumiza kwa mayi wina wa mafizo, wothandiza odwala kulimbitsa ziwalo. Mayiyu ndi amene anandiuza zoona zoyamba. Phewa la mwana linakodwa kuseri kwa fupa langa la pachinena. Mutu ukakokedwa phewa litakodwa, mitsempha yochokera m'khosi kupita kumkono imatanuka mopitirira, nthawi zina imaduka. Ana ambiri amachira, ena sachira.

“Ndidziwa bwanji kuti wanga ali mbali iti?” ndinafunsa.

“Muziyang'ana chigongono. Tsiku limene adzapinde yekha n'kupititsa dzanja kukamwa, mudzabwere mudzandiuze, ngakhale ndili pa tchuthi. Miyezi ikadutsa osapinda, ndiye kuti tiyamba kukamba za opaleshoni ya mitsempha, ndipo sindikulonjezani kuti ingachitike m'dziko muno. Koma mvetsani ichi: mitsempha ikamachira, ipeze phewa lili lofewa. Likauma, ngakhale ichire, mkono sudzakwera.”

Anationetsa zochita, ine ndi apongozi. Nthawi iliyonse yosintha thewera, munthu mmodzi agwire phewa kumsana ndi chikhatho kuti lisasunthe, wina agwire mkono, chigongono chili m'nthiti, n'kuutembenuzira kunja pang'onopang'ono, kenako kuukweza mpaka pafupi ndi khutu. Munthu mmodzi akhoza kuchita yekha akazolowera, koma poyamba pamafunika awiri.

Milungu yoyamba tinkachita bwino. Apongozi ankagwira phewa, ine mkono. Mwana akalira ankamunyodola kuti, “Iwe ukulira vichi? Unabwera ndi mapewa ngati bambo wonyamula matumba pa depoti.” Tinagwirizana kuti tchuthi changa chikatha iwo ndiwo azichita masana onse, popeza uvuni wawo unali pakhomo pomwepo.

Usiku sindinkauopa. Chimene ndinkaopa chinali thewera. Ndikamamasula pini, maso anga ankathamangira ku chigongono chija, ndipo nthawi zonse chinali chili chigonere. Ndinayamba kuyang'ana mikono ya anthu mumsewu, ya makondakitala a minibasi, ya amayi ogulitsa nthochi, ya ana a ku Katoto akuweruka kusukulu, ndipo ndinkadabwa kuti onsewo amapinda zigongono osaganizako n'komwe.

Kukhoti ndinkadziwana ndi loya wina wachinyamata, wolankhula mofulumira, wokonda nthabwala. Atamva nkhani yanga anati kachipatalako kayenera kupereka chipukuta misozi, ndipo ngati mwana adzafunike opaleshoni kunja, njira yake ndi yomweyo. Mwamuna wanga anavomera, inenso ndinavomera. Loyayo anabwera kwathu Loweruka lina masana, nsapato zake zitadzaza matope ofiira. Tinakhala pakhonde. Apongozi anamupatsa sikono ndi tiyi, iwo n'kukhala pamphasa, mwana ali pamiyendo pawo.

Anayamba ndi ine. Ndinafotokoza mpaka pamene ndinatsinzina.

“Mtolankhani wanji wotsinzina pa nkhani yaikulu chonchi?” anaseka. “Chabwino. Amama, ndiye kuti mboni yathu ndi inu. Anakuuzani kuti mugwire pati?”

Apongozi anaonetsa pa thupi lawo, m'munsi mwa nthiti.

“Osati m'munsi umu, pamwamba pa fupa?”

“Yayi. Pamwamba apa.”

“Ndipo munakanikiza kwambiri?”

“Chomene, kwambiri ndithu. Anati mwana akufa.”

Loya anawomba m'manja. “Basi, mlandu tawina. Ndafunsa madokotala awiri. Phewa likakodwa, pamwamba pa mimba sipakanikizidwa, chifukwa kutero n'kulikhomerera pafupa ngati msomali. Amayenera kupinda maondo a mayi mpaka pachifuwa n'kukanikiza m'munsi. Amama, manja anuwa ndiwo umboni wathu. Muwasamale, tidzawaonetsa kwa ajaji.”

Iye ankanena mosangalala, ndipo cholakwa ankachiika pa mzamba ndi eni chipatala. Ine ndinkayang'ana apongozi. Anayang'ana zikhatho zawo, kenako ananyamula mwana bwinobwino n'kumuika pamiyendo panga, n'kudzuka kupita ku uvuni. Sikono ya loya inali isanathe.

Kuyambira tsiku limenelo sanamukhudzenso mwanayo. Ankachapa matewera, ankandiphikira phala, ankatenthetsa madzi osamba n'kuwaika pakhomo. Koma ndikati, “Amama, tabwerani mundigwirire phewa,” ankayankha kuti manja ali ndi fulawa. Akasamba m'manja, ankati masikono apserera. Mwamuna wanga anayesa kuwalankhula m'chinenero chawo, ine ndili kuchipinda. Atabwera anandiuza kuti akuopa zinthu ziwiri: kuti ajaji adzawatsekera, ndiponso kuti akaugwiranso mkonowo adzaumaliza.

“Wawauza kuti mlandu woterewu satsekera munthu?” ndinamufunsa.

“Ndawauza. Akuti iwe ndi loya wako mumadziwa za khoti, koma iwo amadziwa mphamvu imene anaika.”

Tchuthi changa chinatha. Kuofesi tinalipo atolankhani awiri okha, ndipo mzinda unali ndi milandu ya malo yosatha. Tinapeza mayi wina woyandikana nafe woti azimubereka mwana masana, koma za mkono anakaniratu, anati iye safuna kudzatchulidwa kukhoti. Nkhani ya loya inali itamveka mzere wonse wa nyumba. Ndinkachita mafizo ndekha m'mawa ndi madzulo, dzanja limodzi paphewa, lina pamkono, ndipo masana ndinkakwera njinga ya kabaza, imene ku Mzuzu amati sakramento, kuthamangira kunyumba khoti likapumula. Masiku ena khoti silinkapumula pa nthawi yake. Ndinkakhala pabenchi ya atolankhani, cholembera chili m'manja, osamva chimene mboni ikunena, ndikuganiza za phewa limene likuuma ku Mchengautuwa.

Pa ulendo wotsatira, mayi wa mafizo anautembenuzira mkono kunja, ndipo unaima usanafike pamene unkafika kale. Anayesanso. Mwana analira kulira kwina, kwa ululu.

“Agogo aja ali kuti?” anafunsa.

Ndinamufotokozera.

“Mayi, ine za makhoti sindizidziwa. Chimene ndikuona n'chakuti phewa layamba kulimba. Kawiri kapena katatu patsiku sikukwanira. Mlandu ukhoza kudikira, ili silidikira.”

Ndinaganiza kuti mankhwala a mantha a apongozi ndi mfundo yoona, yochokera kwa munthu wodziwa, yakuti si manja awo amene anapweteka mwana. Ndinadikira pakhonde la chipatala mpaka ndinapeza dokotala wina wachikulire wa amayi, n'kumufunsa monga ndimafunsira pa ntchito: chinavulaza mitsempha n'chiyani, kukanikiza kapena kukoka?

Anandiyankha mosabisa. Anati chimene chimatanula mitsempha kawirikawiri ndi kukoka mutu, koma kukanikiza pamwamba kukhoza kulimbitsa phewa pafupa, wokokayo n'kukoka kwambiri. Anatinso ana ena amavulala ngakhale onse atachita zoyenera. “Palibe amene angakugawireni kuti gawo ili ndi la uyu, ili ndi la uyo. Koma amene anakanikizayo anachita zimene anauzidwa ndi wovala yunifolomu, ndipo mwana ali moyo.”

Si yankho limene ndinkafuna. Panjira ndinaganiza zongowauza apongozi kuti dokotala wanena kuti iwo sizikuwakhudza. Koma ndinadziwa kuti mlandu ukapitirira, loya wa chipatala adzawaimiritsa m'bokosi la mboni n'kuwafunsa kuti anakanikiza ndi mphamvu zochuluka bwanji, ndipo loya wanga yemwe adzafuna kuti ayankhe kuti chomene. Ndinali nditaonera mboni zambiri zachikulire zikufunsidwa. Ndinkadziwa mmene zimatulukira m'bokosimo. Ndinkadziwanso kuti milandu yotere imatenga zaka, ndipo zaka zonsezo manja awo adzakhala akudikira ajaji.

Ndinawapeza kuseri kwa nyumba akudzoza mafuta m'mathireyi. Ndinayala chitenje pamphasa pafupi nawo, n'kumugoneka mwana, n'kumuvula malaya. Ndinagwada, pakuti sindinkalankhula nawo nkhani zazikulu nditaimirira.

“Amama, ndachokera kwa dokotala. Ndamufunsa ngati ndi manja anu.”

Anasiya thireyi. “Wati uli?”

“Wati sakudziwa. Wati palibe amene angadziwe. Mwina anawonjezera, mwina ayi.”

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Ndikuganiza kuti ndikanawauza kuti alibe mbali, sakanandikhulupirira.

“Koma pali chimene akudziwa,” ndinapitiriza. “Phewa layamba kuuma. Likauma, mkono uwu watha, ndipo pamenepo tidzadziwa bwinobwino kuti wautha ndani. Ndi ine ndi inu, ifeyo amene tikuuyang'ana.”

“Mkamwana, ine ndikuopa.”

“Inenso ndikuopa, Amama. Chibadwire mwanayu sindinadye chakudya n'kuchimva kukoma.”

“Nanga ajaji?”

Foni yanga inali m'chikwama. Ndinamuimbira loya iwo akumva, ndipo ndinalankhula Chichewa chokhachokha kuti pasakhale mawu owadutsa. Ndinamuuza kuti apongozi anga sadzapereka umboni.

“Asisi, mwapenga? Popanda iwo tili ndi chiyani? Inu munatsinzina. Mzamba adzanena kuti anachita zonse mwa dongosolo, ndipo palibe womutsutsa.”

“Ndikudziwa.”

“Nanga opaleshoni ikadzafunika, mudzalipira ndi masikono?”

Funso limenelo linandilasa, chifukwa linali loona. Ndinayang'ana chigongono chija, chili chigonere pa chitenje. Ndinali kutaya njira yokhayo yopitira kunja chifukwa cha chinthu chimene sindinali wotsimikiza kuti chichitika. Ndinamuuza kuti ayambe wauimitsa mlanduwo, ndipo ndinadula foni.

Apongozi anadzuka, anakasamba m'manja ndi sopo, anawaotha pa uvuni kuti asamuzizire mwana, n'kudzagwada mbali ina ya mphasa. Analowetsa chikhatho pansi pa phewa, nkhope atayang'ana kukhoma. Anangoligwira mopepuka.

“Limbitsani pang'ono, Amama.”

“Ndimupweteka.”

“Simumupweteka. Limbitsani.”

Ndinautembenuza mkono. Mwana analira, iwo anatsinzina, koma dzanja sanachotse.

Mwamuna wanga atabwera madzulo n'kumva za foni ija, anakwiya. Anati ndikanayamba ndamufunsa, ndipo ankanena zoona. Kwa masiku angapo tinkangolankhulana za makala ndi sopo. Koma m'mawa uliwonse ankaona amayi ake akuotha manja pa uvuni, ndipo nkhaniyo sanaiyambitsenso.

Sabata yoyamba ankangogwira phewa. Kenako tinasinthana, ine phewa, iwo mkono. Pamene mwezi unkatha anali akuchita okha, ndipo mayi woyandikana nafe uja anandiuza kuti agogo akusintha matewera ouma kuti apeze chifukwa chogwirira mkono. Mayi wa mafizo anapeza phewa litafewanso. Koma chigongono sichinapinde. Miyezi imene anatiuza ija inali kutha, ndipo anayamba kutchula za kalata yotitumiza kwa madokotala a mafupa kumwera. Ndinkadutsa pa ofesi ya loya uja popita kukhoti, ndipo kangapo ndinaima pa geti n'kubwerera.

Tsiku lina ndikutuluka m'khoti masana, ndinawapeza apongozi ataima panja pa mpanda, malo amene ankawaopa kuposa manda. Anali atavala epuloni, fulawa ali m'mikono, mwana ali kumsana. Anali atakwera sakramento kuchokera ku Mchengautuwa. Ndinaganiza kuti mwana wagwa.

“Amama, chachitika n'chiyani?”

Anamutsitsa mwana, n'kukhala pansi pa kapinga pomwepo, anthu akudutsa. Anagwira mkono wamanzere kuti usasunthe, n'kutulutsa kachidutswa ka sikono m'thumba la epuloni, n'kukakhudzitsa pamilomo ya mwana, kenako n'kukaika m'zala za dzanja lamanja.

Poyamba palibe chinachitika. Kenako phewa linanjenjemera. Chigongono chinapinda pang'ono, n'kugwa, n'kupindanso. Dzanja linakwera mokhotakhota, linaphonya pakamwa n'kugunda tsaya.

“Mwaona?” anatero apongozi. “Kunyumba anafikitsa. Apa akuchita manyazi ndi maloya.”

Ndinakhala pansi pa kapingapo ndi siketi ya kuntchito. Ndinawapempha kuti abwereze, ndipo anabwereza mpaka sikono inatha. Kenako tinayenda wapansi kupita kukamuuza mayi wa mafizo.

Opaleshoni sinafunike. Mkonowo sunachire wonse. Ndi wofupikirako pang'ono, ndipo sukwera kupitirira khutu. Mwana wanga amalemba ndi dzanja lamanja, koma m'kalasi amakweza lamanzere. Mlandu sunafike kukhoti, ndipo chipukuta misozi sitinalandire. Nthawi zina ndimaganiza za amayi ena amene anachilira m'chipinda chija pambuyo panga, ndipo sindinena kuti ndinasankha bwino pa zonse. Kachipatala kaja kanatsekedwa patapita zaka, sindikudziwa chifukwa chake. Nyumbayo tsopano mumagona ana a ku yunivesite, ndipo apongozi anga anakaperekerako masikono kangapo. Akuti amaimira pa geti, samalowa.